Madzi Saiwala Khwawa



M'chaka cha 2024 nyanja yathu inakwera kupitirira mamita 476 poyerekeza ndi mulingo wa nyanja yamchere. Ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay madzi analowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo, ndipo thandala zoyanikapo usipa zinaima m'madzi. Mwera utayamba, mafunde anamaliza kugumula magombe amene anali atafewa kale. Pakhonde la mzikiti tikatha swala nkhani inali imodzi: "Bwanji satsegula ku Liwonde?"

Funsoli nlomveka, koma tiyeni tiione bwino nkhaniyi. Kamuzu Barrage ya ku Liwonde inamangidwa pa mtsinje wa Shire m'chaka cha 1965 kuti madzi aziyenda mwa muyeso, makamaka kaamba ka magetsi. Lero makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira madzi omwewo. Zitseko zake zikatsegulidwa mopitirira, anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndiwo amamira. Komanso madzi otuluka kudzera mu Shire ndi gawo lochepa chabe. Ochuluka amachoka m'nyanja pouma ndi dzuwa ndi mphepo. Tsono mvula ikagwa yambiri kumpoto ndi ku mapiri a ku Tanzania, palibe munthu amene angaitsitse nyanjayi m'sabata imodzi.

Nyanja imakwera ndi kutsika kuyambira kale. Kuchokera mu 1915 mpaka 1935 inatsika kotero kuti Shire analeka kutulutsa madzi. Mu 1980 inafika pafupifupi mamita 477, ndipo agogo athu ena akukumbukirabe mitengo imene madzi anafikapo. Itatsikanso m'zaka za m'ma 1990, ife tinaona mchenga wouma nkuyesa malo aulere. Tinamangapo nyumba, ena tinagula puloti kwa nyakwawa popanda kufunsa kuti pamenepo kale panali chiyani. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mu 2024 nyanja inangobwerera pamalo pake.

Apa ndi pamene pali ntchito ya khonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka ku makhonsolo udindo wokonza mapulani a chitukuko m'maboma ndi kusamala za ukhondo. Bungwe la National Water Resources Authority ndilo limayang'anira nyanja ndi mitsinje, koma silingafike pa doko lililonse. Khansala wathu, mfumu yathu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndiwo amaona munthu akukumba maziko pagombe. Nchifukwa chiyani amakhala chete mpaka khoma litagwa? Pamsika timadula chiphaso tsiku ndi tsiku, nanga bwanji ngalande zimakhala zodzaza mchenga ndi majumbo mpaka mvula yoyamba itagwa? Madzi akasowa njira amadzipezera yawo, amadutsa m'zimbudzi nkukathira m'nyanja momwe amayi amatunga, ana amasamba ndipo ife timachitira wudhu. Sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, ndi majanaza amene tinanyamula ku Mangochi.

Koma tisaloze khonsolo yokha chala. Amene anadula bango la m'gombe ndani? Amene amalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa Linthipe ndi Bua, nthaka nkumakokolokera m'nyanja kukakwirira malo oswanirana chambo, ndani? Amene amawola mchenga wogulitsa pafupi ndi manda a makolo ake ndani? Allah anatiika pa dziko lino monga osunga, ndipo nyanjayi ndi amana imene tidzafunsidwa.

Choncho tikupempha zinthu zinayi mvula isanayambe. Poyamba, mudzi uliwonse uike chizindikiro, mwala kapena mtengo, pamene madzi anafika mu 2024, ndipo khonsolo ndi mafumu asalolenso nyumba, chimbudzi ngakhale mzikiti kumunsi kwa chizindikirocho. Kachiwiri, makomiti a mizikiti atumize anthu, amayi akhalepo, ku misonkhano ya VDC ndi ADC kukafunsa kuti ndalama zokonzera ngalande zili pati ndipo ntchito iyamba liti. Kachitatu, ana a madrasa ndi aphunzitsi awo abzale vetiva, nsungwi ndi mitengo m'mbali mwa makwawa, ndipo bango lotsala lisiyidwe. Kachinayi, mashehe athu aikeko mawu awa mu khutba ya Lachisanu, pakuti kuchotsa zinyalala m'ngalande ya pakhomo pa mnzako ndi sadaka.

Abale, nyanja idzatsikanso, ndipo mchenga wouma udzaonekanso wokongola. Pamenepo ndi pamene padzabwere munthu ndi ndalama m'manja kufuna puloti. Tidzakumbuke chaka cha 2024 tisanalandire.

Allah atisunge ife ndi mabanja athu. Tidzakumananso m'kope lotsatira, Insha Allah.

Wassalam.