Kukapumira Kunja: Ndi Viza Iti Idzakusungeni Mpaka Ukalamba?

M'mabanja ambiri masiku ano ana anamwazikana: wina ndi namwino ku Manchester, wina ali ndi kashopu ku Johannesburg. Kholo likangopuma pa ntchito, foni imalira: "Amayi, bwerani muzidzakhala kuno, adzukulu anu akukula osakudziwani." Ndi mawu okoma, koma wolola munthu kukhala m'dziko la eni ndi boma la dzikolo, ndipo chilolezo chake chimalembedwa pa viza. Ambiri posankha viza amafunsa yotchipa ndi yotuluka msanga. Munthu wofuna kukakalambira kunja azifunsa zina: kodi pepala limeneli lidzagwirabe ntchito zaka 10 zikubwerazi, thupi litafooka, kwacha itagwa, kapena mnzake wa m'nyumba atatsogola?

Tiyambe ndi viza yochezera, popeza ndi imene yapusitsa anthu ambiri. Mmalawi amalowa m'dziko la South Africa popanda viza ngati akukacheza, ndipo amapatsidwa masiku osapitirira 30. Basi ikafika pa Beitbridge usiku, anthu ali pamzere ndi zikwama, wa pawindo amadinda pasipoti nalemba tsiku lotulukira, ndipo nthawi zina masikuwo amachepera pamenepo. Ambiri amangoipisa pasipotiyo m'thumba osaiwerenga, chonsecho tsiku limenelo ndi lamulo. Kuyambira mu May 2014, wopitirira masiku salipitsidwanso chindapusa potuluka ayi, amaletsedwa kubwereranso. Akapitirira ndi masiku osaposa 30 amamutsekera chaka chimodzi, akaposa pamenepo ndi zaka zisanu. Gogo amene anangoti "ndidikireko mpongozi achire" angathe kutha zaka zisanu osaona mdzukulu amene anapitira. Komanso lamulo la kumeneko, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera, sililola wolowa ngati mlendo kusintha viza ali konko. Ayenera kubwerera kwawo n'kukapempha kudzera ku ofesi ya kazembe.

Ku Britain nkhani yake ndi yofanana. Viza yochezera ilipo ya zaka 2, 5 ngakhale 10, ndipo anthu akaona "zaka 10" amayesa apata. Zakazo zimangotanthauza nthawi imene munthu angamapitepite, koma ulendo uliwonse usapitirire miyezi isanu ndi umodzi. Akuluakulu a pachipata akaona kuti munthu akungotuluka masabata awiri n'kubwereranso, amadziwa kuti wasamukira komweko mozemba, ndipo amatha kumubweza pabwalo la ndege. Akale anati mlendo ndi mame, ndipo maboma amaitsatira nzeru imeneyi kuposa ife.

Njira zenizeni zokhalira nthawi yaitali zilipo ziwiri: kudalira ndalama zako kapena kudalira mwana wako.

Ya ndalama zako ndi imene ku South Africa amaitcha Retired Person's Visa, yochokera m'gawo 20 la lamulo lawo la zolowa ndi kutuluka la 2002. Imaperekedwa mpaka zaka zinayi ndipo imawonjezeredwa. Chachikulu chimene amafuna ndi umboni wakuti mumalandira R37,000 mwezi uliwonse kuchokera ku penshoni kapena ku chuma chanu, kutanthauza R444,000 pachaka. Pamwamba pake amafuna kalata ya dokotala ndi kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe milandu. Mayiko ena ali ndi viza zangati imeneyi. Thailand imafuna munthu wa zaka 50 kupita m'tsogolo, wokhala ndi mabaht 800,000 kubanki kapena wolandira 65,000 pamwezi. Chilolezo chake ndi cha chaka chimodzichimodzi, ntchito saloledwa kugwira, ndipo masiku 90 alionse amayenera kudziwitsa boma kumene akukhala. Panama imafuna penshoni ya moyo wonse ya madola 1,000 pamwezi. Britain inatseka khomo lotere kwa opempha atsopano mu 2008, pamene United States ilibiretu viza ya opuma pa ntchito.

Apa ndi pamene wolandira penshoni ya kwacha ayenera kukhala pansi ndi cholembera. Malire a viza amalembedwa m'ndalama ya eni dziko, pomwe penshoni yanu ikubwera m'ndalama imene imagwa. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Munthu amene penshoni yake inkangokwanira ndendende pa malire dzulo lake, kutacha anali atapereweratu, ngakhale kuti ku akaunti kwake sikunachoke tambala. Umboni wa ndalama saufuna kamodzi kokha, amaufunanso nthawi iliyonse yowonjezera viza. Ndiye ngati mukungokhudza malire lero, dziwani kuti mukadzabwereranso pawindo mudzapezeka muli pansi. Onjezanipo vuto lotumiza ndalamazo kunja pamene mabanki akusowa ndalama zakunja. Viza ya mtundu umenewu imayenera munthu amene ndalama zake zimaposa malire ndithu, makamaka ngati gawo lina limabwera m'ndalama yolimba.

Njira yodalira mwana imaoneka yofewa, koma ili ndi mfundo yake. Relative's Visa ya ku South Africa imafuna kuti wokuitananiyo akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, ndipo asonyeze kuti ali ndi R8,500 pamwezi yokusamalirani. Imakhala ya zaka ziwiri ndipo mwini wake saloledwa kugwira ntchito. Ana athu ambiri kumeneko ali pa viza ya ntchito, ena alibiretu mapepala, choncho ngakhale atakukondani chotani sangakuimireni. Musanagulitse ng'ombe, funsani mwanayo mosapsatira kuti pepala lake ndi la mtundu wanji.

Ku Britain khomo la makolo, lotchedwa Adult Dependent Relative, linapanikizidwa kwambiri mu July 2012. Kukalamba ndi kusungulumwa si zifukwa zokwanira. Kholo liyenera kusonyeza kuti silingathe kudzisamba, kudziveka kapena kudziphikira popanda wothandiza, komanso kuti chisamaliro chotere sichingapezeke kapena kulipirika kwawo ngakhale mwana atamatumiza ndalama. Mwana wokhoza kusunga kholo ku London amakhozanso kulipira wolisamalira ku Zomba, n'chifukwa chake opempha ambiri amakanidwa. Canada inasankha njira yapakati. Super Visa yake, imene inayamba mu 2011, imalola makolo ndi agogo kukhala mpaka zaka zisanu pa ulendo umodzi, bola akhale ndi inshuwalansi ya chipatala yosachepera madola 100,000 a dzikolo. Komabe munthuyo amakhala mlendo mpaka tsiku lotuluka.

Nkhani ya chipatala ndi imene mabanja amaiiwala kawirikawiri, pomwe ndi imene imadya ndalama zambiri. Shuga, BP ndi nyamakazi zimakula limodzi ndi zaka. Mlendo akagonekedwa m'chipatala cha boma ku England amalipiritsidwa mtengo wonse wa chithandizo n'kuwonjezeraponso theka lake, ndipo ngongole yosabweza ingathe kumulepheretsa kupeza viza ina. Ku South Africa, wolowa mochedwa m'mabungwe olipirira anthu chipatala amalipitsidwa zowonjezera. Munthu wa zaka 60 amene sanakhalepo membala kumeneko angathe kuwonjezeredwa mpaka 75 peresenti mwezi uliwonse, ndipo matenda amene anabwera nawo angadikire miyezi 12 asanayambe kulipiridwa. Mtengo weniweni wa viza ndi ndalama ya fomu kuphatikiza zonsezi.

Funsaninso za mayi a kunyumba. M'mayiko ambiri penshoni ikakhala ya bambo, pepala la mayi limangotsamira pa la bambowo. Bambo akamwalira, mayi amapezeka ali pa maliro kwinaku masiku awo akutha. Ngati n'kotheka, aliyense akhale ndi chilolezo choima pachokha, kapena banja lidziwiretu chimene lamulo limanena za wamasiye.

Chomaliza n'chakuti malamulo a viza amasintha popanda kufunsa amene ali kale m'dzikomo. Mu 2021 Malaysia inakweza ndalama yofunika pamwezi pa ndondomeko yake ya Malaysia My Second Home kuchoka pa maringgit 10,000 kufika pa 40,000. N'chifukwa chake viza yokhala ndi njira yopita ku chilolezo chokhazikika imaposa yongowonjezera chaka ndi chaka. Ku South Africa wopuma pa ntchito amene ndalama zake ndi za moyo wonse angathe kupempha chilolezo chokhazikika, ngakhale yankho limachedwa ndipo ena adikira zaka. Chilolezocho nachonso chimafuna kusamala: mukakhala kunja kwa dzikolo zaka zoposa zitatu chingathe kulandidwa, pomwe cha ku Britain chimatha mukachoka zaka zoposa ziwiri.

Malamulo amakono muwapeze ku ofesi ya kazembe kapena pa tsamba la intaneti la boma la dzikolo. Madobadoba olonjeza kukonza chidindo mwachidule apeweni, chifukwa chidindo chabodza chikagwidwa wolangidwa ndi mwini pasipoti.

Tikaphatikiza zonsezi, mabanja ambiri adzapeza kuti viza yowayenera ndi yochezera yomweyo, yogwiritsidwa ntchito moona mtima: miyezi ingapo kwa ana, inshuwalansi ili m'manja, n'kubwerako tsiku lisanakwane. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Amene ndalama zawo kapena mapepala a ana awo akulola kusamukiratu apite, koma nyumba ndi munda asagulitse mpaka chilolezo chokhazikika chitatuluka. Viza yongowonjezera ingakanidwe chaka china chilichonse, ndipo munthu wa zaka 75 wobwezedwa kwawo amafunika khomo loti akafikire.