Musatinamize, Blade Runner sinakome chifukwa cha nkhanza

Pali bodza limene okonda mafilimu alibwereza mpaka layamba kumveka ngati nzeru. Akuti filimu yabwino imabadwira m'misozi, dairekita akapanda kuzunza anthu ake palibe chanzeru chingatuluke. Ukawafunsa umboni, amathamangira ku Blade Runner ya Ridley Scott. Ine ndikukana, abale. Mbiri ya filimu imeneyi ikutsutsa bodza lomweli.

Mavuto analipo, zimenezo sindikutsutsa. Mu 1981 mbali yaikulu anaijambulira ku situdiyo ya Warner Bros. ku Burbank, usiku wokhawokha, mu utsi ndi mvula yochita kupopa. Harrison Ford anadzanena kuti anatha masiku 50 akunyowa choncho. Iyeyo ndi Scott sankamwerana madzi. Scott atauza nyuzipepala ina kuti amakonda antchito a kwawo ku Britain chifukwa amangomvera, antchito a ku America anasindikiza matisheti omunyoza n'kumavala pantchito pomwepo. Filimuyo anaipatsa dzina lachipongwe loti Blood Runner, poti inkawayamwa magazi.

Tsono mavutowa anabala chiyani? Ndalama zitapitirira bajeti, Bud Yorkin ndi Jerry Perenchio, amene analonjeza kulipira zopitirirazo, anakhala ndi mphamvu pa filimu. Mu 1982 anaionetsa moyesa ku Denver ndi Dallas, ndipo ambiri anatuluka atasokonezeka. Eni ndalama mantha gwa! Anamuitana Ford kuti alankhule mawu ofotokozera chilichonse, ngati oonera ndi ana a sitandade 1. Kumapeto anamatako mathero osangalatsa, Deckard ndi Rachael akuthawira kumapiri, pogwiritsa ntchito zithunzi zotsala za The Shining ya Stanley Kubrick. Tangoganizani, filimu ya mdima ndi mvula n'kukathera padzuwa lobwereka. Inatuluka pa 25 June 1982, patangotha milungu iwiri E.T. itatuluka, ndipo malonda sanayende bwino.

Imene timaitama lero si imeneyo ayi. Mu 1992 kunabwera Director's Cut, itachotsedwa mawu aja ndi mathero omata aja. Mu 2007 kunabwera Final Cut, yokhayo imene Scott anaikonza mmene ankafunira popanda womulowerera. Zaka 25 kupoletsa mabala a mikangano ija, ndiye wina azindiuza kuti mikanganoyo ndi imene inakometsa filimu?

Taonani malo amene aliyense amawakumbukira: Roy Batty akufa padenga, mvula ikumukhuthukira. Rutger Hauer anaona kuti mawu amene anamulembera atalika, anawadula n'kuonjezerapo ake, ndipo Scott anavomera. Pamene filimu yonse imagwira mtima kwambiri ndi pamene bwana anatseka pakamwa n'kumvera mnzake.

Ndikudziwa ena muti, koma aise, pakanapanda liuma la Scott, mzinda uja wa Los Angeles wa mu 2019 ukanaoneka choncho? Diso ali nalo mkuluyu, ndikuvomera. Koma mzindawo sanaumange yekha. Syd Mead anajambula magalimoto ndi misewu yake, Jordan Cronenweth anauwalitsa ndi kamera, gulu la Douglas Trumbull linaulutsa magalimotowo, Vangelis anaupatsa nyimbo. Mutu umodzi susenza denga. Anthuwa luso anabwera nalo kale, sanachite kulitola chifukwa chokalipiridwa 3 koloko m'mawa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti filimuyi ikunena za anthu opangidwa ndi kampani, opatsidwa zaka zinayi zokha zamoyo, ogwiritsidwa ntchito yakalavulagaga kenako n'kuphedwa akafuna ufulu. Timaonera n'kuwamvera chisoni. Tikatseka foni, timayamba kuombera m'manja nkhani yoti anthu enieni anafinyidwa kuti chithunzicho chituluke. Ndiye taphunzirapo chiyani?

Iwe amene wayamba kunyamula magetsi kapena kamera kwa dairekita wina, tsiku lina adzakugoneka panja usiku wonse, osadya, malipiro mawa mawa, n'kukuuza kuti mafilimu akuluakulu amapangidwa choncho. Mwina adzatchula Blade Runner yomweyi. Udzamufunse kuti akunena iti, ya 1982 imene inatuluka m'mikanganomo, kapena ya 2007 imene anaikonza mitima itazizira.