Tauni Ikawawa, Banja Lilowere Kuti?

M'nthawi ya makolo athu ulendo unkayang'ana mbali imodzi: kuchoka kumudzi kupita m'tauni. Chiyambire chaka cha 1975, pamene likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, anthu akhala akukhamukira mumzindawu usana ndi usiku. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu pafupifupi miliyoni imodzi, pamene pa boma la Dedza panali anthu ongopitirira pang'ono 30,000. Koma masiku ano mabanja ena a m'tauni ayamba kudzifunsa ngati kukakamira mumzinda n'kwanzeru, poona kuti malipiro akuthera landilodi ndi minibasi, ana n'kumagona ndi njala. Ine maganizo anga ndi akuti banja lotere lichita bwino kusamukira ku tauni yaing'ono ngati Dedza. Komatu kusamukako kuli ndi malamulo ake, ndipo wowanyozera adzalira kuposa mmene ankalirira ku Lilongwe.

Tiyambe ndi chimene chimathamangitsa anthu. Munthu wokhala ku Kawale, ku Area 23, kwa Chinsapo kapena ku Mtandire amagula chilichonse. Nyumba ndi ya lendi, ndipo eni nyumba ambiri amafuna ndalama za miyezi itatu munthu asanalowe. Madzi ndi ogula pa kiyosiki, makala ndi ogula, ngakhale masamba a nkhwani amene kumudzi timangothyola kuseri kwa nyumba ndi ogulanso. Pamwamba pa izi pali ndalama ya minibasi yopitira ku ntchito ndi kubwerera. Mu May 2022 boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 linaitsitsanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya zinthu inalumpha nthawi yomweyo, koma malipiro a anthu ambiri anatsalira m'mbuyo. Tsono pamene ndalama yachepa, choyamba kudulidwa sichikhala lendi, poti landilodi sadziwa kudikira. Chimene chimadulidwa ndi chakudya cha m'mawa, makope, yunifolomu ndi fizi. Wolipira kukwera mtengo kwa tauni amakhala mwana.

Ndikunena izi poti ndinaziona ndi maso anga. Ine ndinabadwira ku Lilongwe ndipo tinasamukira kuno ku Dedza ndili mu Sitandade 5. Bambo anga ndi kalipentala. Ku tauni tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri anthu asanu ndi mmodzi, ndipo bambo ankalipiranso malo ogwirirapo ntchito m'mphepete mwa msewu. Titafika kuno, ndalama yomwe ija ya lendi inatipezera nyumba yokulirapo yokhala ndi bwalo, moti benchi yawo anaiika pakhonde pomwepo. Matabwa anayamba kuwapeza pafupi. Mayi anapempha kadimba kwa achibale awo cha ku Bembeke n'kuyamba kulima kabichi ndi mbatata ya kachewere. Sindikunena kuti tinalemera ayi. Koma kuyambira chaka chimenecho sindinapitenso ku sukulu m'mimba muli pululu, ndipo ndinapeza ngodya yangayanga yowerengerapo madzulo.

Kutchipa kwa chakudya kuno sikodabwitsa. Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nyengo yozizirayi imayanjana ndi kachewere, kabichi, nyemba, nsawawa, tomato ndi mapichesi. Zambiri zimene anthu amagula m'misika ya ku Lilongwe zimachokera kuno ndi ku Ntcheu. Aliyense amene anadutsapo pa Chimbiya, pa Bembeke kapena pa Lizulu waona matumba a mbatata akudikira malole. Thumba likamafika mumzinda limakhala litasenza mtengo wa mafuta, phindu la venda wopikula ndi chiphaso cha msika. Wokhala ku Dedza amagula thumba lomwelo lisanasenze katundu yenseyo.

Tsopano tifike pa nkhani ya sukulu, poti apa ndi pamene makolo ambiri amanamizika. Dzina la Dedza ndi lomveka pa maphunziro. Sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene anthu amangoitchula kuti Box 48, inatsegulidwa mu 1951 ndipo inaphunzitsa anthu ambiri otchuka, kuphatikizapo malemu Bingu wa Mutharika. Palinso Mtendere, palinso Umbwi, komanso koleji ya aphunzitsi ya St. Joseph ku Bembeke. Kholo likamva maina amenewa limaganiza kuti likangopeza nyumba pafupi ndi mpanda wa sukulu, ndiye kuti mwana walowa. Zinthu sizili choncho. Ku sekondale ya boma mwana amachita kusankhidwa potengera mmene wakhozera mayeso a Sitandade 8 a MANEB. Sukulu zikuluzikulu zogonera konko zimatenga ana ochokera m'maboma osiyanasiyana, ndipo mwana wa kwa Chinsapo amene wakhoza bwino atha kukalowa ku Box 48 pamene mwana wobadwira pageti pa sukuluyo watsala. Zimene zimatengera kumene mwana akukhala ndi sekondale zoyendera za m'madera, ma CDSS aja, chifukwa zimasankha ana kuchokera m'mapulaimale oyandikana nazo.

Choncho kholo lanzeru lisafunse za sekondale yotchuka. Lifunse za pulaimale imene mwana azikapitako Lolemba m'mawa. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, vuto la kuthithikana m'makalasi silinathe, m'tauni ndi kumudzi komwe. Ku Dedza kuli sukulu zabwino, kulinso zina kumene ana amaphunzirira pansi pa mtengo, monga mmene zilili ku Lilongwe. Safunsa anadya phula. Musanalembe galimoto yonyamula katundu, bwerani nokha tsiku la sukulu. Onanani ndi ahedi. Funsani kuti mu Sitandade 8 muli ana angati, chaka chatha anasankhidwa angati ndipo anapita kuti. Suzumirani m'kalasi muone ngati ana ali pa madesiki, ngati buku limodzi akuwerenga awiri kapena khumi. Yendani wapansi kuchokera pa nyumba imene mukufuna kubwereka mpaka pa sukulupo, muli kukumbukira kuti mwana wa zaka 7 adzayenda mtunda womwewo m'mawa wa mwezi wa June, chisanu chili m'mafupa.

Ubwino weniweni umene tauni yaing'ono imapatsa mwana wa sukulu, kuona kwanga, uli kunja kwa kalasi. Mwana amafika ku sukulu wapansi, osadalira minibasi. Amafika atadya. Mphunzitsi wake mumakumana naye pamsika, ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndipo mwana akajomba, uthenga umafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ukadali ndi mphamvu m'malo mmene anthu amadziwana maina. Mumzinda waukulu mwana atha kutha sabata yathunthu akuonera mafilimu m'kanyumba ka vidiyo, makolo akuyesa ali m'kalasi.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso loyamba lisakhale la nyumba kapena la sukulu, koma lakuti: tikafika kumeneko tizidya chiyani? Zinthu zimatchipa ku boma chifukwa ndalama nazonso zimayenda pang'ono. Mafakitale ali ku Kanengo, maofesi akuluakulu a boma ali ku Capital Hill. Kuno ntchito zolembedwa n'zowerengeka: za kwa DC, chipatala, polisi, sukulu, nkhalango, za pachipata cholowera ku Mozambique, ndi malo ochepa ngati Dedza Pottery. Mphunzitsi, namwino kapena wapolisi atha kupempha kuti amusamutsire kuno, malipiro ake n'kukhala omwewo koma zogula zitatsika. Munthu wa luso la manja monga telala, kalipentala, mmisiri womanga kapena wokonza njinga zamoto amayenda ndi ntchito yake, ngakhale ayenera kupirira miyezi ingapo kuti anthu amudziwe. Bambo anga anatha pafupifupi theka la chaka akupanga timipando ndi mabokosi okhaokha asanapeze wowapatsa ntchito ya zitseko za nyumba yonse. Koma amene ntchito yake inamangirira ku Lilongwe asadzinamize kuti aziyendera. Makilomita 85 pa msewu wa M1 m'mawa ndi madzulo adzadya zonse zimene wapulumutsa pa lendi, ndipo mafuta akasowa monga zinachitikira mu 2024, adzagona panjira.

Apa ndi pamene pamabadwira chinthu chimene ine ndikuchitsutsa ndi mtima wanga wonse: kugawa banja pakati. Ambiri amati mayi ndi ana apite ku Dedza, bambo atsale m'tauni m'kachipinda kamodzi, azibwera kumapeto kwa mwezi. Papepala masamu ake amaoneka abwino. Koma nyumba zikhala ziwiri, mbaula ziwiri, ndi ulendo wolipira mwezi uliwonse. Ndikudziwa banja lina loyandikana nafe limene linachita zimenezi. Chaka choyamba bambo ankabwera mwezi ndi mwezi. Chaka chachiwiri ankangotumiza ndalama pa foni. Chaka chachitatu anamveka kuti ali ndi banja lina ku tauni, ndipo mwana wawo woyamba, amene anasamukira kuno kaamba ka sukulu, anasiyira Fomu 2 chifukwa cha fizi. Dziko lathu linaphunzira kale phunziro limeneli m'masiku a Wenela ndi Theba, pamene amuna ankapita ku migodi ya ku Joni, ena osabwerako mpaka kutchedwa matchona. Ngati kusamuka kukutanthauza kuti ana akule osaona bambo awo, ndi bwino banja lipirire limodzi m'kanyumba kakang'ono komweko, lifune njira zina zochepetsera zogula.

Palinso zina zofunika kuziwerengera. Kuno kumazizira kwambiri mu June ndi July, choncho mabulangete, majuzi ndi nkhuni zidzafuna ndalama. Chipatala cha boma chilipo, koma matenda aakulu amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiye banja limene lili ndi wodwala wofuna madokotala apadera kawirikawiri liganize kawiri. Malo olima nawo asawayese ongotola. Dedza ndi boma la anthu ambiri ndipo minda inachepa kale. Amene anachoka kumudzi zaka 20 zapitazo asadabwe kupeza kuti munda wa amayi ake akulima ndi ena a pambumba, ndipo kuulanda n'kuyambitsa milandu ya kwa amfumu yosatha. Kubwereka dimba kwa nyengo imodzi kumasunga chibale kuposa kukumba malire akale.

Nthawi yosamukira nayo ndi yofunika. Mwana asasamutsidwe pakati pa teremu, makamaka amene ali mu Sitandade 8, Fomu 2 kapena Fomu 4, poti dzina lake limakhala litalembetsedwa kale mayeso pa sukulu yakeyo. Dikirani tchuthi chachikulu, tengani kalata ya transifa ndi malipoti ake onse, ndipo malo ku sukulu yatsopano akhale atapezeka katundu asanakwere galimoto. Anawo auzidwe nthawi ikadalipo. Ife ana timaoneka ngati sitimva kanthu, koma kusiya anzako amene unakula nawo n'kowawa. Ine masabata oyamba ankandiseka kuti ndine "wa m'tauni" wosadziwa kugwira khasu, ndipo chimene chinandithandiza n'chakuti makolo anga analowa msanga mu mphakati wa m'dera lathu, kumene ndinapeza anzanga oyamba.

Ena adzati kuchoka mumzinda n'kugonja, ndipo abale kumudzi adzanong'onezana kuti tauni yamukana. Manyazi amenewa ndi amene asunga mabanja ambiri m'ngongole za katapila. Kodi ulemu uli pati pokhala ndi keyala ya ku Lilongwe pamene mwana wabwezedwa ku sukulu kaamba ka yunifolomu? Enanso adzati mwana wokulira mumzinda amachangamuka, amadziwa Chingerezi ndi makompyuta msanga. Pamenepa pali choonadi, ndipo banja limene lingathe kulipira zonsezo popanda kudula chakudya likhale komweko, palibe cholichotsera. Ine ndikulankhula ndi mabanja amene pofika pa 15 mwezi uliwonse ayamba kale kukongola ufa pa okala.

Kwa amenewa malangizo anga ndi awa. Khalani pansi bambo ndi mayi, mutenge kope ndi pensulo. Lembani zonse zimene mumawononga pamwezi mbali imodzi, ndipo mbali inayo mulembe mitengo imene mwaiona nokha ku Dedza, osati yongomva. Onetsetsani kuti njira yopezera ndalama ilipo, sukulu mwaiona ndi maso, ndipo nonse mupita limodzi. Zitatu zimenezi zikakwanira, musaope zonena anthu. Chimodzi chikasowa, dikirani, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo ife anyamata amene tikuwerenga magazini ino, tikapita ku tchuthi tisamangokhala chete makolo akamakambirana nkhani zotere. Ife ndi amene tikudziwa mmene kusankhidwa kumayendera, ndi ife amene tikudziwa kusiyana kwa sukulu ya dzina ndi sukulu yophunzitsa. Tiwafotokozere mwaulemu, kuti azibale athu aang'ono asasamutsidwe chifukwa cha mphekesera chabe.