Za Pamsika: Chimbale nachonso chili ndi khomo lake

Anzanga a pamsika, sabata ino tisiye kaye za mtengo wa tomato ndi mikangano ya ziphaso za khonsolo. Tikambe za chinthu chimene ena a inu mwakhala mukuchigulitsa pabenchi zaka ndi zaka, ena mudachilipira ndalama zankhaninkhani paukwati wa mwana wanu, koma simunachiyang'anitsitse n'kamodzi komwe. Ndikunena kachithunzi kaja kamene kamayamba kuoneka mukangoika chimbale cha DVD m'makina, kokhala ndi mawu oti Play, kanyimbo kakungobwerezabwereza mpaka mwana wa m'nyumba kukaloweza. Eni ntchito amati menyu. Eetu, ngati ya kulesitilanti ija yosankhirapo nsima ya chambo kapena ya nyemba.

Wina ati: aaa, mtolankhani uyu wasowa nkhani, ma DVD adapita kalekale. Pang'onopang'ono achimwene. Zoona, ku Limbe, ku Ndirande, ku Tsoka ku Lilongwe ngakhale ku Zigwagwa ku Mzuzu anthu masiku ano amangobwera ndi fulashi kapena foni kuti awathiriremo. Koma tatsegulani kabati yanu kunyumba. Muli chimbale cha ukwati, cha chinkhoswe, cha kwaya ya kumpingo, china cha tsiku lija mudaika mayi anu m'manda. Zimenezo simungakazigulenso kwina kulikonse. Ndipo anyamata ojambula kanema akadali kutilipiritsa, choncho tiyenera kudziwa chimene tikulipira.

Nthawi ya matepi a VHS kunalibe za menyu. Filimu ikatha umabweza tepi kuchokera kumapeto, basi. VCD idabwera mu 1993, makampani a Philips, Sony, JVC ndi Matsushita atagwirizana, koma chimbale chimodzi chinkangotenga mphindi 74 kapena 80. N'chifukwa chake filimu imodzi inkabwera pa zimbale ziwiri: ndewu ili pakati, mwini video show n'kudzuka kukasintha chimbale, nyumba yonse ili mfuuu. Menyu yake inali yaumphawi, chithunzi choima chilili ndi manambala oti udine 1 kapena 2. DVD ndiyo idasintha zinthu. Idatuluka ku Japan kumapeto kwa 1996, ku America mu 1997, ndipo chimbale chimodzi chimanyamula 4.7 GB, pafupifupi katundu wa ma CD 7. Malo atachuluka chonchi, mpamene anthu adayamba kumangira chimbale khomo lolowera.

Tsono khomo limeneli limamangidwa bwanji? Apa mvetserani, chifukwa ndi pamene amatibera.

Menyu ili ndi zinthu ziwiri zosanjikizana. Pansi pali chithunzi kapena kakanema kafupi kamene kakafika kumapeto kamayambiranso. Pamwamba pake pali kena kopyapyala kamene ntchito yake ndi kuwalitsa batani limene mwasankha ndi rimoti. Kapamwambaka ndi kosauka kwabasi, kamangololedwa mitundu 4 yokha nthawi imodzi, n'chifukwa chake mzere wowala uja umaoneka ngati wolembedwa ndi choko ngakhale pa chimbale chodula cha ku Hollywood. Menyu imodzi imalola mabatani osapitirira 36. Ndipo batani lililonse liyenera kuuzidwa njira zake: munthu akadina m'mwamba apite kuti, pansi apite kuti, kumanja, kumanzere. Wopanga akachita ulesi pamenepa, inu mumadina rimoti mpaka chala kupweteka, kuwala kuli phee pamalo amodzi, kenako mumayamba kutukwana mabatire osalakwa.

Chinthu china ndi magawo. Kanema mmodzi pa DVD atha kudulidwa m'magawo mpaka 99. Taganizani za ukwati wathu wachimalawi: kutchalitchi, kojambulitsa zithunzi, kulowa muholo, malangizo, kudula keke, ndiye perekaniperekani amene amatenga theka la tsiku chifukwa a MC safuna kusiya munthu ali ndi kakobidi m'thumba. Mnyamata wodziwa ntchito amadula zonsezi m'magawo, gawo lililonse ndi kachithunzi kake ndi dzina lake, kuti apongozi akabwera kudzacheza mungodina pamene iwo ankavina. Wachinyengo amangothira kanema yense wa maola atatu ngati mtolo umodzi wa nkhuni, n'kuikapo batani limodzi loti Play. Mtengo wake? Womwewo. Mwamva?

Palinso za m'mphepete. Ma TV akale aja okhala ndi chimimba kumbuyo, amene akadalipo m'makomo ambiri, amadya m'mbali mwa chithunzi. Odziwa ntchito amasiya mpata wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 mbali iliyonse, osalembamo kanthu. Osadziwa amayang'ana pa laputopu yawo, pamene chilichonse chimaoneka, n'kulemba dzina la mkwatibwi kumapeto kwenikweni. Kunyumba mukupeza Chikondi wasanduka "ikondi". Zilembo zowonda kwambiri zimanjenjemera pa TV zotere, ndipo zofiira kwambiri zimachita ngati zasungunuka. Musanalipire ndalama yomaliza, uzani mnyamatayo kuti mukayesere pa TV ya kwanu, ndi rimoti yanu.

Amene muli ndi abale ku Joni mwina zidakuchitikiranipo: akutumizirani chimbale chenicheni chogula m'sitolo, makina n'kukana. Sikuti chinali chakufa ayi. Eni mafilimu adagawa dziko lapansi m'zigawo 6 zikuluzikulu, ndipo chimbale cha chigawo china chimatsekedwa kuti chisaonetse kwina. America ndi chigawo 1, South Africa ili mu 2, ife a ku Malawi tili mu 5. Chodabwitsa n'choti timakina totchipa tambiri ta ku China tinkangoonetsa chilichonse osafunsa pasipoti, pamene makina a dzina lalikulu ankanyada. Komanso pa zimbale zenizeni eni ake ankatha kumanga rimoti kuti musalumphe chenjezo la malamulo kapena zotsatsa malonda za kumayambiriro. Akuba nawo ankachotsa zonsezo, filimu n'kuyamba pompo. Munthu wogula mwachilungamo ndiye ankazunzika kudikira. Koma dziko ili!

Tisanamizane, anzanga ogulitsa, menyu idagwiritsidwanso ntchito ngati nyambo. Mukukumbuka zimbale zija za "20 in 1"? Chikuto chonyezimira, menyu yodzaza ndi nkhope za Rambo, Jackie Chan ndi Van Damme, moto uli lawilawi kumbuyo. Koma masamu ake sakana: 4.7 GB imakwana kanema wooneka bwino wa maola awiri. Ngakhale chimbale chosanjikiza kawiri chija chimangofika 8.5 GB. Kuti mulowe mafilimu 20 ayenera kufinyidwa ngati zovala za m'belo la kaunjika, ndiye nkhope ya munthu imasanduka timabokosimabokosi, usiku wa mufilimu n'kukhala mdima weniweni. Adapanga chimbalecho ali kutsidya la nyanja, sakudziwani. Wobwera kudzalalata pabenchi, anthu akuonerera, ankabwera kwa inu.

Luso loyendetsa zilembo ndi zithunzi pakanema, limene azungu amati motion graphics, silidayambe ndi DVD. Munthu wotchuka nalo kwambiri ndi Saul Bass wa ku New York, amene adabadwa mu 1920 n'kumwalira mu 1996. Iye asanabwere, mayina a kumayambiriro kwa filimu ankangolembedwa ngati mndandanda wa pachipatala, moti m'nyumba zina zoonetsera kanema ankatsegula katani mayinawo atatha. Mu 1955, pa filimu ya The Man with the Golden Arm, yokamba za munthu wogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, Bass adangotenga mizere yoyera pa mdima, kuiyendetsa motsatana ndi nyimbo mpaka itasanduka mkono wokhotakhota. Basi, zokhazo. Munthu filimu isanayambe wadziwa kale kuti muno muli mavuto. Adachitanso zotere pa Vertigo mu 1958 ndi Psycho mu 1960, mafilimu a Alfred Hitchcock.

Ndatchula bambo ameneyu dala. Nthawi imeneyo iye analibe kompyuta ngati za masiku ano. Pulogalamu ya After Effects, imene anyamata athu amaitama lero, idatuluka mu 1993. Lero aliyense ali ndi zida zoposa za Bass kutalitali, koma taonani zimene tikulandira: nkhunda ziwiri zomwezija, mphete zikuzungulira, mitima ikugwa ngati matalala, zilembo zagolide zikuchita chidule katatu zisanaime. Ukwati wa ku Chilomoni ndi wa ku Area 25 kuyamba mofanana ndendende, chifukwa onse adangotsitsa chikombole chimodzi pa intaneti n'kusintha mayina okha. Mwinanso osasintha bwino, dzina la mkwati kulakwika sipelo, tsiku la ukwati kukhala la eni chikombole. Mphindi ziwiri zathunthu zatha, mkwatibwi sitinamuone.

Ndipo ndifunse: n'chifukwa chiyani menyu ya ukwati wa ku Ntcheu ilembedwe Play All ndi Scene Selection? Agogo amene adagulitsa mbuzi kuti ukwatiwo utheke awerenga bwanji? Makina sakana Chichewa. "Yambani", "Sankhani gawo", "Kutchalitchi", "Perekaniperekani", "Bwererani". Zilembo zomwezo, ntchito yomweyo, palibe tambala yoonjezera. Kungoti tidazolowera kuganiza kuti chinthu chikalembedwa m'Chingerezi ndiye kuti n'chodula.

Musadziderere kuti ndife mavenda chabe, za mafilimu zili ndi eni ake. Ku Nigeria, filimu ya Living in Bondage ya mu 1992, imene ambiri amati ndiyo idatsegula njira ya Nollywood, adaikapo ndalama ndi Kenneth Nnebue, munthu wa geni yogulitsa zipangizo zamagetsi. Idajambulidwa m'chiyankhulo cha Igbo n'kugulitsidwa pa matepi a VHS m'misika. Amalonda a m'misika ya Idumota ndi Alaba ku Lagos ndiwo adakhala zaka zambiri akulamula kuti filimu iti ipangidwe, chikuto chake chioneke bwanji. Nthawi imeneyo ife kuno TV yathuyathu tinalibe, Television Malawi idayamba mu 1999. Wogulitsa ndiye amadziwa chimene kasitomala amagwira m'manja ndi chimene amabweza, ndiye akauza wopanga kuti menyu iyi siikuwerengeka, wopangayo amve.

Pali mbali ina yowawa. Mayina aja a kumayambiriro ndi kumapeto si zokongoletsa chabe, ndi siginecha ya anthu amene adakhetsa thukuta. Okopa ambiri amawadula kuti asunge malo, ena amamata dzina la shopu yawo ndi nambala ya foni pakati pa sikirini, likuyendayenda ngati ntchentche filimu yonse. Shemu Joyah akapanga Seasons of a Life kapena The Last Fishing Boat ya mu 2012, kapena kwaya ikasonkherana kujambulitsa nyimbo zake, ndiye wina n'kufufuta mayina awo n'kuikapo lake, tizitcha chiyani chimenecho? Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989, ndipo mu 2016 kudabwera lamulo latsopano loteteza eni luso. Kanyimbo kamene mnyamata wakaika pansi pa menyu kalinso ndi mwini wake. Amene adalandidwapo katundu pabenchi akudziwa kuti sindikukamba nthano.

Kunja kuja chimbale chikutsanzika ndithu. Kampani ya Apple idasiya pulogalamu yake yopangira menyu, DVD Studio Pro, mu 2011. Adobe idatulutsa Encore yomaliza mu 2012. Netflix, imene idayamba ndi kutumiza ma DVD papositi mu 1998, idatseka geni imeneyo mu September 2023. Malaputopu ambiri atsopano sabweranso ndi potsegulira chimbale. Tanthauzo lake kwa ife n'loti makina anu a DVD akadzafa, kupeza ena kudzakhala kovutirapo.

Komanso chimbale chojambulidwa pakompyuta, chija chofiirira kunsi, si chimodzimodzi ndi cha kufakitale. Uthenga wake umalembedwa pa utoto wopyapyala umene umaonongeka ndi dzuwa ndi kutentha. Inu oyala zimbale padzuwa la mu October, mwamva? Ndiye cha ukwati chija, chikadali moyo, pitani nacho akachikopere pa fulashi. Koma chenjerani: m'kati mwa DVD muli foda yotchedwa VIDEO_TS, ndipo kanema adadulidwa m'zidutswa zosapitirira 1 GB chilichonse, za mayina osamveka ngati VTS_01_1. Mnyamata akangozikoka n'kuziponya mu fulashi, pa TV zambiri menyu ija siionekanso, magawo asokonekera. Muuzeni asandutse MP4, gawo lililonse fayilo yakeyake, ndipo alembe mayina omveka oyamba ndi nambala: 01 Kutchalitchi, 02 Zithunzi, 03 Kuholo. Pa fulashi, mayina a mafayilo ndiwo menyu. Mukatero sungani makope awiri, ina kwanu, ina kwa achemwali anu.

Luso lija silidafe, langosamukira pafoni. Amayi ogulitsa zitenje, achimwene a nsapato, ambiri mwayamba kuika timakanema pa WhatsApp ndi Facebook, topangidwa ndi CapCut kapena Canva, kapena mumalipira kamnyamata kuti kakupangireni. Matenda ake ndi omwe aja a nkhunda ziwiri. Mtengo wa chitenje ukubwera ukuzungulira, usanaime wathawa, nambala ya foni yabisika kunsi kumene WhatsApp imaika malo oyankhira. Kakanema kakatha, kapatseni munthu wamkulu wa benchi loyandikana nalo, aonere kamodzi kokha, ndiye mumufunse kuti chitenjecho chili pa zingati ndipo benchi lanu lili mzere uti. Akakanika kuyankha, kamnyamatako kabwereze ntchito musanakapatse ndalama yotsalayo.

Tionana sabata ya mawa, tidzakambe za masikelo.