Foni ingaphunzitse mlangizi, koma isamusiye yekha

Ndikapita kwathu kwa Dzoole pa tchuthi, ndimapeza nkhani yomweyomweyo. Fodya akagulitsidwa, anyamata ena amasowa pakhomo mpaka ndalama zonse zitathera ku kachasu. Mnzanga wina amene tinkaweta naye mbuzi tsopano sagona usiku, amalankhula yekha, ndipo chamba sakusiya. Abale ake anapita naye kwa asing'anga, kenako anayesa kumutsekera m'nyumba. Zopita naye kwa mlangizi sanaziganize, chifukwa munthu wotere sanamuonepo.

Akatswiri a matenda a m'maganizo m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ali kutali. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. A St John of God ali ku Mzuzu, komwe alinso ndi sukulu yophunzitsa alangizi, komanso ku Lilongwe. Mlimi wa ku Dowa kapena ku Ntchisi sangakwanitse kulipira ulendo wotero mwezi ndi mwezi. Ine ndikuona kuti tiphunzitse anthu amene ali kale m'midzi: alangizi a zaumoyo, aphunzitsi ndi atsogoleri a achinyamata. Pa ntchito imeneyi foni ingatithandize kwambiri.

Pali kale zitsanzo. Mu 2008 bungwe la WHO linakhazikitsa ndondomeko ya mhGAP, yothandiza ogwira ntchito zaumoyo omwe si akatswiri kuzindikira matenda ngati kukhumudwa kwambiri, khunyu, ndi ukapolo wa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Buku lake likupezekanso pa foni. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu amene maganizo awachulukira. Kwathu kuno, Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayamba ku Balaka mu 2011, chaonetsa kuti Amalawi amafunsa za umoyo wawo pa foni akapatsidwa mpata.

Ndiye bwanji mphunzitsi wa ku Mponela kapena Madisi osalandira phunziro lalifupi sabata iliyonse pa WhatsApp? Likhale la mawu, m'Chichewa, losadya bandulo yambiri, loti angalisunge n'kulimvera netiweki itathawa. Angaphunziremo kufunsa mwana amene wayamba kujomba, kumvetsera osaweruza, ndi kudziwa nthawi yotumiza munthu kuchipatala msanga.

Komabe tisadzinamize. Ife a maphunziro a uphunzitsi tikudziwa kuti palibe amaphunzira kuphunzitsa poonera vidiyo basi. Timapita kukayeserera m'kalasi yeniyeni, wotiyang'anira atakhala kumbuyo ndi cholembera, n'kutiuza pomwe talakwitsa. Uphungu ndi wovuta kuposa apo, chifukwa mawu amodzi olakwika kwa munthu amene akuganiza zodzipha angawononge moyo. Wophunzira pa foni ayenera kukhala ndi katswiri womuimbira nthawi ndi nthawi, komanso masiku okumana maso ndi maso n'kuyeserera ndi anzake.

Vuto lina ndi chinsinsi. Kumudzi foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, ndipo imasiyidwa pa sitolo kuti itchajidwe. Dzina la wodwala likangolembedwa m'gulu la WhatsApp, mawa lake mudzi wonse wadziwa, ndipo palibenso adzabwere kudzapempha thandizo. Phunziro loyamba likhale limeneli: mayina asalowe m'foni.

Anzanga, posachedwa tidzakhala m'masukulu akumidzi, ndipo ana oledzera kapena osweka mtima adzafika kwa ife asanafike kwa dokotala. Kumangowauza kuti mowa ndi woipa sikukwanira, akudziwa kale. Tipemphe kuti maphunziro a uphungu, ngakhale a pa foni, akhale mbali ya maphunziro athu tisanamalize. Mnzanga uja anayamba kusuta tili sitandade 7, ndipo palibe munthu wamkulu anamufunsapo chomwe chinkamuvuta.