Akupita kukatsanzikana ndi madzi oundana, koma bilu ikubwera kwa ife

Sabata yatha, ndili mu minibasi yochokera ku Limbe, ndinathera theka la bandulo yanga pa kanema mmodzi wa pa TikTok. Mayi wina anali m'bafa la madzi otentha pamwamba pa sitima, tambula ya vinyo ili m'manja, kumbuyo kwake chiphiri cha madzi oundana chikuyandama panyanja. Kenako anaonetsa ma penguin, mbalame zosauluka zija zoyenda ngati munthu wavala suti. M'munsi mwa kanemayo analemba kuti anthu athamange akaone zinthuzi zisanasungunuke.

Ndisaname, ndinasirira. Koma mawu akuti "zisanasungunuke" aja anandikhala pamtima, moti ndinayamba kufufuza kuti ulendo umenewu ndi wotani, ndipo amauyang'anira ndani.

Malo ake ndi Antarctica, kumunsi kwenikweni kwa dziko lapansi. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 14 miliyoni, kutanthauza kuti Malawi angalowemo maulendo oposa 100. Kulibe mudzi, kulibe mfumu, kulibe boma. Okhalako ambiri ndi akatswiri a sayansi ndi owathandiza pa ntchito, nawonso mosinthana. Alendo amapitako kuyambira Novembala mpaka Malichi. Ife tikamadzala ndi kupalira kuno, kumeneko kumakhala kukufundako pang'ono ndipo dzuwa limachedwa kulowa.

Sitima zambiri zimanyamukira ku Ushuaia, tauni ya kumapeto kwa Argentina. Zimayenda masiku awiri kuwoloka Drake Passage, chigawo cha nyanja chodziwika ndi mafunde aukali. Zikafika, alendo amatsikira m'timaboti ta mphira n'kupita kumtunda kukaona ma penguin, kapena kuzungulira panyanja kusaka anamgumi. Sitima zina zapamwamba zili ndi ma helikopita komanso timasitima tomira pansi pa madzi. Tikiti ya madola 10,000 siyachilendo, ndipo zipinda zapamwamba zimadula kangapo kuposa pamenepo. Pa mtengo wa kubanki, madola 10,000 ndi ndalama zoposa K17 miliyoni. Ndiye simunawerengere ndege yokafikira ku Argentina.

Bizinesiyi si yatsopano. Lars-Eric Lindblad anayamba kutengera alendo kumeneko mu 1966. Chatsopano ndi kuchuluka kwa anthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, alendo sankakwana 10,000 pa chaka. Mu nyengo ya 2019 mpaka 2020 anali pafupifupi 74,000. Mliri wa Covid-19 utadutsa, chiwerengero chinalumpha, moti mu nyengo ya 2023 mpaka 2024 chinapitirira 120,000. Makanema ngati uja ndinaonera ine akuthandizira kuitana ena.

Tsono funso langa ndi ili: malo opanda mwini, amene amanena kuti "basi, mwakwana" ndi ndani?

Pali Pangano la Antarctica lomwe mayiko 12 anasaina ku Washington mu 1959. Panganoli linati malowa akhale a mtendere ndi sayansi, nkhondo ayi. Mu 1991, ku Madrid, anawonjezera gawo loteteza chilengedwe lomwe linaletsanso migodi, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1998. Mayiko omwe ali m'panganoli tsopano ndi oposa 50, koma okhala ndi mphamvu yopanga ziganizo ndi 29. Chiganizo chimadutsa pokhapokha onse agwirizane. Dziko limodzi likakana, nkhani yaima.

N'chifukwa chake ntchito yatsiku ndi tsiku yoyang'anira alendo ili m'manja mwa IAATO, bungwe lomwe makampani a maulendowa anakhazikitsa okha mu 1991. Malamulo ake si oipa. Sitima yonyamula anthu oposa 500 siloledwa kutsitsa alendo kumtunda. Pamalo amodzi sipangatsike alendo oposa 100 nthawi imodzi. Mtsogoleri mmodzi amayang'anira alendo osaposa 20. Penguin umaionera patali mamita asanu. Nsapato zimatsukidwa ndi mankhwala, ndipo matumba a zovala amawayeretsa kuti munthu asapititseko njere kapena tizilombo tochokera kwina.

Koma taonani chimene chikusowa. Malamulowa akunena za anthu angati pamalo amodzi, koma sakunena za anthu angati pa chaka. Sitima ina ikachoka, ina imafika. Ndipo kulowa m'bungweli n'kodzifunira. Sindikunena kuti makampaniwa ndi achinyengo. Ndikungoti wogulitsa matikiti sangakhale woyamba kunena kuti matikiti achepe. Amene anagulitsapo kanthu, ngakhale mandasi, akundimvetsa.

Ngozi nazonso zimachitika. Mu Novembala 2007, sitima ya alendo ya Explorer inagunda madzi oundana n'kumira. Mwamwayi anthu onse 154 anapulumutsidwa, koma sitimayo ndi mafuta ake zinatsikira pansi pa nyanja. Mayiko anagwirizana mu 2005 za lamulo loti wowononga chilengedwe pa ngozi yotere azilipira, koma padutsa zaka zambirimbiri lisanayambe kugwira ntchito chifukwa mayiko ena akuchedwa kulivomereza. Chomwe chinatheka n'chakuti kuyambira 2011 sitima siziloledwa kugwiritsa ntchito mafuta olemera akuda aja m'nyanja za kumeneko.

Ngakhale popanda ngozi, ulendo umasiya chipsera. Utsi wa injini umasiya mwaye pa chipale chofewa. Chinthu choyera chikada chimayamwa kutentha kwa dzuwa, ngati mmene malaya akuda amawotchera mu Okutobala. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2022 mu magazini ya sayansi ya Nature Communications anayerekeza kuti mwaye wochokera ku ulendo wa mlendo mmodzi umasungunula chipale cholemera matani pafupifupi 83. Anapezanso kuti malo a akatswiri a sayansi nawo amathandizira vutoli, osati alendo okha.

Ndiye pali matenda. Chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapezeka pa zilumba za South Georgia mu Okutobala 2023, ndipo mu Febuluwale 2024 chinatsimikizika ku Antarctica kwenikweniko. Chinafika ndi mbalame zouluka mtunda wautali, osati alendo. Komabe nsapato za anthu zikhoza kuchinyamula kuchoka pa gulu lina la mbalame kupita pa lina. N'chifukwa chake alendo tsopano amauzidwa kuti asakhale pansi, asagwade, asaike chikwama pansi.

Tinene chilungamo apa. Si alendowa amene akusungunula Antarctica. Choyambitsa chachikulu ndi kutentha kwa dziko lonse chifukwa cha malasha, mafuta ndi gasi zomwe mayiko olemera akhala akuwotcha kwa zaka zoposa 100. Mu Febuluwale 2023, madzi oundana oyandama pa nyanja yozungulira Antarctica anachepa kuposa chaka china chilichonse chiyambireni kuyeza ndi ma satelayiti. Chakumapeto kwa 2022, akatswiri a British Antarctic Survey anaona kuti pa magulu asanu a ma penguin akuluakulu otchedwa emperor a ku nyanja ya Bellingshausen, magulu anayi anataya anapiye awo. Madzi oundana omwe anaswerapo anaphwasuka anapiyewo asanamere nthenga zosalowa madzi. Palibe mlendo anawagwira. Kunangotentha.

Makampani amati mlendo akaona ndi maso ake amabwerako ali kazembe wa chilengedwe. Mbali ina ndi zoona. Sitima zina zimanyamula akatswiri a sayansi, ndipo zithunzi za michira ya anamgumi zomwe alendo amajambula zimathandiza ofufuza kudziwa kumene nyamazi zimayenda. Koma ukazembe umenewu ukudula. Mlendo wochokera ku America, ku Ulaya kapena ku China amakwera ndege maola ambiri, kenako sitima masiku khumi kapena kuposa. Ulendo umodzi wotere umatulutsa matani angapo a mpweya wa kaboni. Mmalawi mmodzi, tikagawana mofanana, amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani pa chaka. Werengani nokha. Tchuthi cha masabata awiri chikufanana ndi zaka makumi angapo za moyo wa munthu wa ku Nsanje.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Mu Malichi 2023, patangopita milungu yochepa madzi oundana aja atachepa chonchija, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Sindikuti sitima ya mayi uja ndi imene inabweretsa Freddy, ayi. Ndikuti mpweya umene ukusungunula madzi kumeneko ndi womwewo umene ukutenthetsa nyanja zomwe zimapatsa mphamvu anamondwe. Mlengalenga ndi mmodzi. Wina akupita kukajambula chinthu chikutha, wina akukumba m'matope kufunafuna m'bale wake.

Ndipo pamene nkhani za Antarctica zikukambidwa, Africa ali ndi mpando umodzi wokha. South Africa inali m'gulu la mayiko 12 oyamba aja, ili ndi malo ake a kafukufuku otchedwa SANAE IV, ndipo ku Cape Town kumanyamuka sitima ndi ndege zopita kumeneko. Mayiko ena onse a kuno tili panja. Madzi oundana a ku Antarctica atati asungunuke onse, nyanja zingakwere mamita pafupifupi 58. Zimenezo si za mawa kapena zaka 100 zikubwerazi. Koma ngakhale kukwera pang'ono kumamveka ku Beira, doko lomwe katundu wathu wambiri amadzera.

Nanga chichitike n'chiyani? Ine sindikuti maulendowa atsekedwe. Kuletsa munthu kuona zokongola za dziko n'kovuta, ndipo nanenso atandipatsa tikiti yaulere mtima ungagunde. Koma njira yochepetsera anthu ilipo, ndipo chitsanzo chili kuno konkuno ku Africa. Ku Rwanda, kukaona anyani akuluakulu a gorila ndi madola 1,500. Gulu limodzi la anyaniwo limaonedwa ndi alendo osaposa asanu ndi atatu pa tsiku, kwa ola limodzi, ndipo gawo la ndalamazo limapita ku midzi yozungulira. Ku zilumba za Galápagos, boma la Ecuador linakweza ndalama yolowera alendo akunja kuchoka pa madola 100 kufika pa 200 mu 2024. Ku Antarctica kulibe geti, kulibe wodula risiti.

Mayiko a m'pangano aja anayamba kukambirana ndondomeko yatsopano ya alendo pa msonkhano wawo wa ku Kochi, ku India, mu 2024. Zinthu zitatu ndi zimene ndikufuna kumva kuchokera kumeneko. Choyamba, nambala: alendo angati pa chaka, osapitirira. Chachiwiri, mlendo aliyense azilipira ndalama yopita ku kafukufuku ndi kuteteza malowo. Munthu wokwanitsa madola 10,000 sangalire ndi 500. Chachitatu, malamulo akhale okakamiza kampani iliyonse, osati okhawo odzipereka. Vuto ndi liwiro. Misonkhanoyi imachitika kamodzi pa chaka, pomwe sitima zatsopano zikungotuluka.

Kwa ife a pafoni, mphamvu yathu ndi yochepa koma ilipo. Makanemawa amayenda chifukwa timawaonera ndi kuwagawa. Mukadzakumana ndi wina akuti thamangani zisanathe, mufunseni mu ma komenti kuti zikutha chifukwa chiyani, ndipo ulendo wakewo wathandiza mbali iti. Akuluakulu athu omwe amapita ku misonkhano ya kusintha kwa nyengo nawo tiziwafunsa zimene akubwera nazo, chifukwa thumba lothandiza mayiko owonongekeredwa ndi nyengo linavomerezedwa kale ku Sharm el-Sheikh mu 2022.

Kanema uja ndinamuoneranso usiku, magetsi atazima. Ma penguin aja ndi okongoladi, ndipo mayi uja anaoneka kuti wasangalala kuchokera pansi pa mtima. Sindikumuda. Ndikungofuna kuti mtengo wa tikiti yake ukhale wathunthu, kuti chotsalacho chisamadzalipidwe ndi anthu omwe sanakwere nawo.