Nthenda ya Aŵiri Sachiza Mmodzi

Pa madoko a m'dera la Mfumu Malengachanzi, ku Nkhotakota, pali khalidwe loipa limene tiyenera kulidzudzula poyera. Mwamuna akaona mafinya kapena chilonda kumaliseche, amagula makapisozi aŵiri pa msika, namwa mobisa, nakagona ndi mkazi wake ngati palibe kanthu. Iye amati akusunga ulemu wa banja. Ife tikuti akulipasula banjalo.

Tiyeni tilingalire bwino. Chinzonono chimaonekera msanga mwa mwamuna, koma mwa mkazi kaŵirikaŵiri chimakhala phee, chikutseka njira za chiberekero. Zaka zikapita popanda mwana, mudzi wonse umanyoza mayiyo kuti ndi chumba, pamene wobweretsa nthendayo palibe womufunsa. Chindoko nachonso n'chonyenga. Chilonda chake sichipweteka ndipo chimapola chokha, koma tizilombo timatsala m'thupi, ndipo tingathe kupha mwana asanabadwe. Chikhalirecho jakisoni wa penisilini amachiza nthendayi. Tsono mwana wotere waphedwa ndi chiyani, ngati si manyazi a atate ake?

Ena amati, "Amatipatsira ndi akazi ogula nsomba." Nanga ndani amakana kugulitsa usipa kwa mayi wosauka kufikira atagona naye? Tisaiŵalenso kuti zilonda zomwezi zimatsegulira khomo kachilombo ka HIV, kamene kanapezeka m'Malaŵi muno mu 1985. Mankhwala a ma-ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, koma sangathandize munthu wokana kuyezetsa magazi.

Komanso si chizindikiro chilichonse chimene chimaloza chigololo. Likodzo, limene timalitenga posamba ndi pochapa m'nyanja, limabweretsanso magazi ndi zilonda m'njira ya abambo ndi ya amayi. Musaweruze mnzanu achipatala asanamuyeze.

Abale, mpanda woyamba ndiwo kukhulupirika m'banja. Kondomu nayonso imachepetsa kupatsirana. Woona chizindikiro apite ku chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's, ndipo asapite yekha. Aŵiriwo alandire mankhwala, amwe mpaka kutha, nadziletse kufikira atachira, pakuti wotsala wosachizidwa adzabwezera nthendayo kwa mnzake.

Inu asodzi, amene mumalimbana ndi mwera usiku pakati pa nyanja, mukuopa chiyani kunena zoona kwa mkazi amene amakudikirani ku doko?